Kulumikiza wailesi ndi kompyuta pa FT8 ndi kukonza kaundula wa QSO

Mukatchera wailesi pa 14.074 MHz n'kukweza sipika, simumva munthu akulankhula. Mumva timawu tambirimbiri tikulira pamodzi kwa masekondi pafupifupi 13, kenako zii pang'ono, kenako tayambiranso. Imeneyo ndi FT8, njira yotumizirana mauthenga aafupi imene Joe Taylor, K1JT, ndi Steve Franke, K9AN, anatulutsa mu 2017 m'pulogalamu ya WSJT-X. Taylor ndi yemwe uja analandira mphoto ya Nobel ya physics mu 1993, ndipo luso lake lotola zizindikiro zofooka m'kati mwa phokoso ndi limene lili m'pulogalamuyi. Siteshoni iliyonse imatenga malo a 50 Hz okha, ndipo kompyuta imatha kuwerenga uthenga umene uli pafupifupi 21 dB pansi pa phokoso, umene khutu silingaumve n'komwe.

Ntchito yokonza zonsezi si yovuta, koma ili ndi zidutswa zambiri zodalirana: wotchi, mawu olowa, chingwe cholamulira wailesi, kaundula wa ma QSO (QSO ndi kulumikizana kumodzi kwa masiteshoni awiri), ndi mawu otuluka. Amene amazilumikiza zonse tsiku limodzi n'kudina Enable Tx, chinachake chikakanika sadziwa poyambira. Choncho tizitenga chimodzichimodzi, ndipo kutumiza tikusiyira kumapeto. Paja kutumiza kumafuna laisensi ya amateur radio (kulankhulana pa wailesi mongosangalala, osati pa malonda) ndi callsign yanuyanu, dzina la zilembo ndi manambala lokudziwirani pa wailesi, komanso muyenera kudziwa mabandi (magawo a ma frequency) ndi mphamvu zimene laisensiyo ikukulolani.

Zida zake ndi wailesi ya HF (shortwave) yokhala ndi SSB (mode yolankhulira pakamwa), eriyo, kompyuta, ndi njira yoti mawu aziyenda pakati pa wailesi ndi kompyuta. Mawailesi monga Icom IC-7300, Yaesu FT-991A ndi Kenwood TS-590SG ali kale ndi sound card m'kati, moti chingwe chimodzi cha USB chimanyamula mawu ndi malamulo omwe. Wailesi yakale imafuna kabokosi kapakati, monga SignaLink USB kapena Digirig. Ngati mukugwiritsa ntchito Windows, ikani driver ya wailesi yanu musanalowetse chingwe koyamba. Mawailesi ambiri a Icom ndi Yaesu amagwiritsa ntchito ya Silicon Labs CP210x, ndipo ndi bwino kuitenga pa webusaiti ya kampani imene inapanga wailesiyo.

Wotchi ya kompyuta

Yambirani apa, pulogalamu musanaiike n'komwe. FT8 imagawa mphindi iliyonse panayi, masekondi 15 gawo lililonse. Ena amatumiza pa sekondi 00 ndi 30, ena pa 15 ndi 45, ndipo dziko lonse limayamba nthawi imodzi. Wotchi ya kompyuta yanu ikasiyana ndi nthawi yeniyeni ya UTC, imene dziko lonse limayendera, kupitirira sekondi imodzi, mauthenga ayamba kusowa, ndipo ikasiyana masekondi angapo sikirini ingokhala mbee ngakhale bandi itadzaza. Windows payokha imakonza wotchi mwa apo ndi apo, zimene sizikwanira pa ntchitoyi. Ikani pulogalamu yokonza wotchi kudzera pa intaneti (NTP) monga Meinberg NTP, imene imagwira ntchito mwakachetechete nthawi zonse, ndipo mutsimikize pa time.is kuti kusiyana kwake n'kochepa. Linux ndi macOS nthawi zambiri zimasunga nthawi bwino zikakhala pa intaneti. Kumalo opanda intaneti, kachipangizo ka GPS kolowetsa pa USB kamathetsa vutoli.

Muzimva kaye

Dawunilodani WSJT-X pa tsamba lake lenileni, muiike, n'kutsegula File kenako Settings. Pa General lembani callsign yanu pa My Call, ndi gridi yanu pa My Grid. Gridi ndi njira yofupikitsira malo amene muli, yotchedwa Maidenhead potengera tauni ya ku England kumene anaigwirizana mu 1980. Zilembo ziwiri ndi manambala awiri zimatchula dera la madigiri awiri m'mbali ndi digiri imodzi chokwera, mwachitsanzo London ili mu IO91. Mawebusaiti ambiri amakupatsani gridi mukaloza nyumba yanu pa mapu. Lembani ya zilembo zisanu ndi chimodzi. Pamlengalenga pazipita zinayi zoyambirira zokha, koma zotsalazo zithandiza pa mapu ndi m'kaundula.

Pitani pa Audio. Pa Input ndi pa Output sankhani sound card ya wailesi, imene kawirikawiri imaoneka ngati USB Audio CODEC. Mukatero pitani ku settings za mawu za Windows mukachite zinthu zitatu. Sound card imeneyi ikhale pa 16 bit, 48000 Hz, ndipo zonse zokometsera mawu zikhale zozimitsa. Lolani mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni, apo ayi WSJT-X singamve kanthu. Chachitatu ndicho anthu amaiwala: onetsetsani kuti sound card ya wailesi si imene Windows yaisankha kukhala yotulutsira mawu onse. Windows imakonda kulanda chipangizo chatsopano chilichonse, ndipo zikatero kabelu ka imelo kapena mawu a kanema wa pa intaneti akhoza kutuluka pa eriyo yanu, anthu a kumaiko ena n'kumamva.

Tsopano tcherani wailesi ndi dzanja pa 14.074 MHz masana, kapena 7.074 MHz usiku. Ikhale pa mode ya USB (upper sideband, osati chingwe chija), kapena pa USB-D ngati ili ndi data mode. FT8 imayenda pa upper sideband pa mabandi onse, ngakhale pa 40 m ndi 80 m pamene olankhula pakamwa amagwiritsa ntchito LSB (lower sideband). Tsegulani filter mokwanira, pafupifupi 3 kHz, ndipo muzimitse noise reduction ndi notch. Zimenezi zimathandiza khutu la munthu koma zimaononga zimene kompyuta ikufuna kuwerenga. Kumanzere m'munsi mwa pulogalamu kuli kamzere koonetsa kukula kwa mawu olowa. Pamene palibe akutumiza kaziwerenga pafupifupi 30 dB ndipo kazikhala kobiriwira. Kakafiira, chepetsani mawu ku Windows kapena pa wailesi.

Sankhani FT8 pa Mode, onani kuti batani la Monitor ndi lobiriwira, ndipo dikirani. Pakatha masekondi 15 alionse, mizere ya mauthenga iyenera kutsika pa windo lakumanzere. Yang'anani danga lolembedwa DT, limene limaonetsa kusiyana kwa wotchi yanu ndi ya wotumizayo. Manambala ambiri akakhala pafupi ndi ziro, monga 0.1 kapena 0.3, zili bwino. Siteshoni imodzi ikaonetsa 1.8, vuto ndi lake. Onse akaonetsa 1.8, vuto ndi lanu, bwererani ku wotchi.

Khalani pamenepa madzulo amodzi kapena awiri, mukungoonerera. Muona mmene anthu amayankhirana, nthawi imene bandi iliyonse imatseguka, ndi mmene mizere imaonekera pa waterfall, chithunzi chotsika chija choonetsa amene ali pa frequency iti.

Kompyuta ilamulire wailesi

CAT ndi njira imene pulogalamu imauzira wailesi frequency, mode, ndi nthawi yoyamba kutumiza. Pa Settings tsegulani Radio, ndipo pa Rig sankhani dzina la wailesi yanu. Pa Serial Port sankhani COM port yake. Mukaipeza mu Device Manager, ndipo njira yosavuta ndi kuzula chingwe n'kuona imene yasowa. FT-991A imabweretsa ma port awiri, Enhanced ndi Standard, ndipo ya CAT ndi Enhanced. Baud Rate ifanane ndi imene ili mu menyu ya wailesi, osati yongoganizira. Pa Linux, dzina lanu likhale m'gulu lololedwa kutsegula serial port, limene pa Debian ndi Ubuntu limatchedwa dialout.

Dinani Test CAT. Batani likabiriwira, tembenuzani kagudumu ka wailesi muone ngati manambala akusintha pa sikirini. Likafiira, pafupifupi nthawi zonse chalakwika ndi chimodzi mwa zitatu: port, baud rate, kapena pali pulogalamu ina imene yatsegula kale port imeneyo. Pa PTT Method, njira yoyatsira kutumiza, sankhani CAT ngati wailesi ikulola. SignaLink imadziyatsira yokha ikamva mawu, ndiye pa iyo sankhani VOX. Pa Mode sankhani Data/Pkt, ndipo wailesi ikamabwerera pa mode yolakwika sankhani None muziika nokha.

Split Operation ikani pa Rig kapena Fake It. Chifukwa chake n'chakuti mukatumiza mawu otsika, tinene 500 Hz, ma harmonic ake, mawu owonjezera amene amabadwa nawo pa 1000 ndi 1500 Hz, amadutsa mu filter ya wailesi n'kugwera pa anzanu. Split imasuntha frequency ya wailesi pang'ono potumiza kuti mawu otuluka azikhala pakati pa 1500 ndi 2000 Hz, pamene ma harmonic amagwera kunja kwa filter. Fake It imachita zimenezi ndi VFO imodzi (chotcherera frequency m'wailesi) ndipo sikonda kuvuta, n'chifukwa chake ndimalangiza oyamba kumene kuti asankhe imeneyo.

Kaundula akonzedwe QSO yoyamba isanachitike

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amakumbukira kaundula atachita kale ma QSO mazana, ena ali m'fayilo iyi, ena mu iyo, ena olembedwa kawiri. FT8 imathamanga, QSO imodzi imatha pa mphindi imodzi ndi theka kapena kucheperapo, moti chisokonezo chimakula msanga.

WSJT-X imalemba yokha kaundula m'fayilo yotchedwa wsjtx_log.adi, imene mungaipeze podina File kenako Open log directory. Fayiloyi ili mu ADIF, kalembedwe kamene mapulogalamu onse a kaundula amamva. Ndi mawu wamba, mukhoza kuitsegula ndi Notepad n'kuona callsign, tsiku, nthawi, bandi, mode ndi malipoti (mphamvu imene munamvana nayo) a QSO iliyonse. M'foda yomweyo muli ALL.TXT, mmene mumalembedwa uthenga uliwonse umene mwamva kapena kutumiza. Imeneyi ndi yothandiza tsiku limene wina adzanena kuti munalumikizana koma m'kaundula mwanu mulibe.

Pa Settings tsegulani Reporting ndipo chongani Prompt me to log QSO. Mukatero, QSO ikamatha kawindo kazitseguka kuti muvomereze. Chonganinso Enable PSK Reporter Spotting, kuti zimene mwamva zizipita ku mapu a PSK Reporter. Ena akuchitiraninso chimodzimodzi, ndipo mudzatha kuona kumene chizindikiro chanu chikufika.

Ngati mumachita FT8 yokha, fayilo ya WSJT-X ikhoza kukukwanirani kwa kanthawi. Koma ngati mumalankhulanso pa SSB kapena CW (Morse), pafunika pulogalamu imodzi yosunga zonse. Pa Windows pali Log4OM, pa Linux CQRLOG, pa Mac RUMlogNG, ndipo N1MM Logger+ ndi ya mipikisano makamaka. Sankhani imodzi, imeneyo ndiyo ikhale kaundula wamkulu. Chilichonse chofuna kukonza muzikonzera mmenemo, ndipo zopita ku mawebusaiti zizichokera mmenemo basi.

WSJT-X imauza pulogalamu ya kaundula za QSO kudzera pa UDP, njira imene mapulogalamu amatumizirana mauthenga. Pa Reporting pomwepo muona UDP Server 127.0.0.1 ndi port 2237. Ku pulogalamu ya kaundula, iuzeni kuti izimvera port yomweyo, ndipo chongani Accept UDP requests ngati mukufuna kuti pulogalamu ina izithanso kulamula WSJT-X. Vuto limabwera mukawonjezera yachitatu, monga GridTracker kapena JTAlert, zimene zimaonetsa maiko ndi ma gridi amene simunalumikizane nawo. Pa 127.0.0.1, port imodzi imamveredwa bwino ndi pulogalamu imodzi yokha. Njira zilipo ziwiri: yapakatiyo izilandira n'kumapatsira ya kaundula pa port ina, kapena musinthe adiresi ikhale ya multicast, monga 239.255.0.1, kuti onse azimva limodzi. Mukasankha multicast, samalani kuti QSO isalowe m'kaundula kudzera njira ziwiri, ina yochokera ku WSJT-X, ina ku GridTracker. Kulembedwa kawiri kumayambira pamenepo.

COM port nayonso ili ndi khalidwe lomweli: ili ngati khomo lopapatiza, amalowa mmodzi. Pulogalamu ya kaundula ikatsegula port kuti iziwerenga frequency, WSJT-X ikanika. Chosavuta n'kuzimitsa CAT ku pulogalamu ya kaundula, popeza frequency ikubwera kale mu uthenga wa UDP. Ngati mukufunadi kuti zonse zizilamula wailesi, ikani pakati flrig, OmniRig kapena rigctld ya Hamlib, n'kusankha imeneyo pa Rig m'mapulogalamu onse.

Nthawi ya m'kaundula ndi UTC nthawi zonse, tsiku lomwe. Mukamalemba QSO ya pakamwa ndi dzanja usiku kwambiri, tsiku la UTC likhoza kusiyana ndi la pa kalendala yanu. Ndipo FT4, mng'ono wake wa FT8 amene anabwera mu 2019 ndi magawo a masekondi 7.5, mu ADIF amalembedwa kuti mode MFSK, submode FT4. Mukaona MFSK m'kaundula musaisinthe poganiza kuti yalakwika. Amene ali kale ndi kaundula wakale wa FT8 akhoza kuika ma QSO akewo mu wsjtx_log.adi n'kudina Rescan ADIF Log pa Colors, kuti mitundu yoonetsa dziko latsopano kapena gridi yatsopano izinena zoona.

Kutumiza

Lumikizani dummy load (chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo poyesa) ngati muli nayo, apo ayi eriyo imene SWR yake (muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi) mwaiyeza. Uzani wailesi kuti pa data mode mawu azichokera ku USB osati ku maikolofoni. Pa IC-7300 ndi DATA MOD mu menyu ya Connectors. Zimitsani compressor. Dinani Test PTT muone ngati wailesi yalowa pa kutumiza, ndipo mudinenso kuti isiye.

Kumanja kwa pulogalamu kuli kotsetsereka kolembedwa Pwr. Katsitseni pansi, ikani mphamvu ya wailesi pa mawati amene mukufuna, dinani Tune, ndipo muzikweza Pwr pang'onopang'ono mukuyang'ana mita ya ALC, imene imaonetsa pamene wailesi yayamba kuchepetsa yokha mawu ochuluka. Mphamvu ikafika pamene mumafuna ndipo ALC yangoyamba kugwedera, imani pomwepo kapena bwererani pang'ono. Mawu akachuluka, chizindikiro chimaphwanyika n'kumwazikira pa anzanu, ndipo inu simudziwa chifukwa simudzimva. Kumbukiraninso kuti FT8 imatumiza mphamvu yonse kwa masekondi 12.64 osapuma, mosiyana ndi mawu a munthu amene amakwera n'kutsika. Wailesi ya mawati 100 imatentha ikamachita zimenezi maola ambiri. Mawati 20 kapena 30 ndi poyambira pabwino, ndipo mukweze pokhapokha mutaona pa PSK Reporter kuti simukufika.

Mukadina Tune n'kuona uthenga wakuti CAT yaduka, kapena mawusi yauma, ndiye kuti RF, mphamvu imene wailesi ikutumiza, ikulowa m'chingwe cha USB. Kulungani chingwecho kangapo pa ferrite (kamphete kotchinga RF) mbali zonse ziwiri, chifupikitseni, ndipo ikani choke, chotchinganso RF, pa chingwe cha coax pafupi ndi eriyo. Mukatsitsa mphamvu vuto n'kutha, mwatsimikiza kuti ndi RF.

QSO yoyamba

Chongani Auto Seq ndi Hold Tx Freq. Onerani waterfall kwa mphindi imodzi yathunthu, magawo onse anayi, mupeze mpata wopanda mzere, n'kudinapo mutagwira Shift kuti chizindikiro chofiira cha Tx chipite pamenepo. Simuyenera kutumiza pa frequency ya amene mukumuyankha, chifukwa pulogalamu yake imawerenga bandi yonse imene filter yake ikulola. Oyankha onse akaunjikana pamalo ake amaphimbana.

Sankhani siteshoni yamphamvu imene ikuitana CQ, kutanthauza kuti ikuitana aliyense, ndipo dinani kawiri pa mzere wake. Pulogalamu isankha yokha gawo loyenera la nthawi, Enable Tx ifiira, ndipo zotsala ziziyenda zokha. Inu mutumiza callsign yake, yanu ndi gridi yanu. Iye akuyankhani ndi lipoti, tinene -12. Inu mubweza R-09, kutanthauza kuti mwalandira ndipo iye mukumumva pa -9 dB. Iye atumiza RR73, kuvomereza kuti walandira ndi kutsanzika, inu 73 yotsanzikira, kawindo ka kaundula n'kutseguka. Werengani musanavomereze, lembani mphamvu imene munagwiritsa ntchito, ndipo mukatero tsegulani pulogalamu ya kaundula muone ngati QSO yalowa, kamodzi kokha, ndi bandi yoyenera.

Ngati ndinu amene munaitana CQ ndipo mwatumiza RR73, koma mnzanuyo akubwerezabe lipoti lake, ndiye kuti sanakumveni, mtumizireninso RR73. Ngati 73 yomaliza yokha ndiyo sinafike, QSO ndi yathunthu, chifukwa ma callsign ndi malipoti zinadutsa mbali zonse. Koma pamene simunalandire R, RRR kapena RR73 iliyonse, ine sindilemba. Ndipo wina akapanda kuyankha mutaitana kangapo, dinani Halt Tx mupite kwa wina. Pulogalamu ili ndi Tx watchdog imene imasiyitsa kutumiza pakapita mphindi zingapo musanakhudze kanthu, isiyeni yoyaka.

Kutsimikizira ndi kusunga

QSO imawerengedwa pa mphoto monga DXCC, imene imafuna maiko ndi zigawo 100, pokhapokha mbali inayo itavomereza. Njira yodalirika kwambiri ndi Logbook of The World, LoTW, ya bungwe la ARRL, imene inayamba mu 2003. Mumaika pulogalamu ya TQSL, kupempha satifiketi ya callsign yanu, ndipo ngati laisensi yanu si ya ku United States mumatumiza umboni wa laisensi ndi chiphaso chanu. Zimenezi zimatenga masiku, ndiye pemphani msanga. Satifiketi ikabwera, konzani Station Location yokhala ndi gridi, CQ zone ndi ITU zone zolondola. Mukakatumizira kwina, monga kuphiri kapena pachilumba, konzani Station Location ina, chifukwa anzanu amalandira gridi imene mwasainira, osati imene munali. LoTW imagwirizanitsa ma QSO pamene callsign, bandi ndi mode zafanana ndipo nthawi sinasiyane kupitirira mphindi 30.

Club Log, eQSL ndi kaundula wa QRZ zimalandiranso ADIF, ndipo mapulogalamu ambiri a kaundula amatumizako okha mukawapatsa pasiwedi kapena kiyi. Muziyatsa imodziimodzi, n'kuona kaye ngati QSO yafika musanayatse ina. Mawebusaiti amenewa musawayese mosungira kaundula wanu, chifukwa ena sabweza zonse zimene munalemba. Sabata iliyonse tulutsani ADIF yathunthu m'kaundula wamkulu, muike tsiku pa dzina la fayilo, n'kuikopera pa flash kapena pa intaneti. Mu TQSL gwiritsani ntchito Backup kuti satifiketi ndi ma Station Location zisungike m'fayilo imodzi, ndipo fayiloyo ikhale kunja kwa kompyuta ya wailesi. Satifiketi imagwira ntchito zaka zitatu, ndipo kuikonzanso isanathe n'kosavuta kusiyana ndi kupempha yatsopano.